Funso Limene Makina Sanawafunse Azakhali

Mpaka lero ndikaona sikirini yakuda ili ndi kamzere koyera kakuphethira, kudikira kuti munthu alembe yankho, ndimayang'ana kumbali. Anzanga amaseka ndikanena zimenezi, popeza ntchito imene ndimadyera ndi yomweyi yolemba mapulogalamu a kompyuta. Alekeni aseke. Iwo sanawaone azakhali anga atakhala pansi pa mtengo ndi kamtolo pamiyendo.

Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Balaka, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo yogulitsa zipangizo za njinga. Tinalimo ophunzira khumi ndi mmodzi, makompyuta anayi, oyaka awiri. Fungo la girizi ndi la matayala linkalowera pazenera. Aphunzitsi athu anali bambo wa tayi. Kaya kutenthe chotani, ndipo kutentha kwa Balaka mukukudziwa, tayi ili pakhosi, thukuta likuyenderera mpaka m'kolala. Anali ndi kope lina lachikale limene ankakopera pabolodi, ife n'kumakopera m'makope athu, ndipo magetsi akakhalapo tinkalimbirana mpando kuti tikoperenso zomwezo m'kompyuta.

Phunziro limene ankalikonda linali la kufunsa ndi kuyankha. Pulogalamu imalemba funso pasikirini, munthu amalemba yankho n'kudina batani lalikulu la enta, ndiye pulogalamuyo imatenga yankholo n'kuchita nalo kanthu. Funso lawo linali limodzi chaka chonse: lembani zaka zanu. Yankho lawonso linali limodzi. Ankapinda manja a malaya, kutiyang'ana tonse, n'kulemba 25. Munthu wa imvi m'makutu! Kompyuta ikabweza kuti muli ndi zaka 25, iwo ankaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Mwaona? Yagwira."

Tsiku lina mtsikana wina amene ankakhala kumbuyo, wochokera ku Machinga, wosalankhulalankhula, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga munthu akalemba zina, osati nambala imodzi?"

"Wolemba zina ndi mbuli," anatero aphunzitsi. "Ife pulogalamu sitilembera mbuli."

Kalasi yonse inaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka kumenya desiki. Kuseka kumeneko ndimakumvabe m'makutu mwanga, ndipo kumandinyansa.

Kwathu ndi ku Utale. Amayi anga atamwalira ndinaleredwa ndi azakhali, alongo awo a bambo anga, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene ankalima chimanga ndi nandolo mpaka maso atawakana. Ng'ala inayamba diso lakumanzere, kenako inagwira lakumanja. Pa nthawi imene ndikunenayi ankangosiyanitsa usana ndi mdima basi. Ankayenda chogwira khoma, ndipo mbuzi zawo ankazidziwa ndi kulira.

Khungulo lokha akanalipirira, chifukwa anali munthu wopirira. Chimene chinkawadya chinali mwana wawo womaliza, msuweni wanga, amene anakwatiwa ku Nkaya. Iye ankadwala chifuwa chosamva mankhwala, ndipo aliyense wochokera kumeneko ankabwera ndi mawu amodzimodzi, akuti akunka naonda. Ku Nkaya si kutali. Koma wakhungu akapita kukadwazika matenda, odwala amakhala awiri, ndipo azakhali ankadziwa zimenezo. Ankangoti, "Maso awa atangotseguka, ngakhale limodzi, ndikamusambitsa ndekha mwana wanga. Apongozi ake aja phala amaphika lamadzi."

Ndiye kunabwera uthenga kutchalitchi kwathu. Madokotala a maso ochokera kutali adzakhala m'dera lathu masiku owerengeka, ndipo akufuna mayina a anthu a ng'ala a zaka makumi asanu ndi limodzi kupita m'tsogolo. Ankafunanso kudziwa kuti aliyense ali ndi ana angati, kuti aone ngati pali womuperekeza. Galimoto idzabwera kudzatenga amene ali pamndandanda. Azakhali atamva anavina ali chikhalire pamkeka.

Alembi a mpingo wathu, bambo wachikulire wofatsa amene anagwirapo ntchito kunjanji, anali atagula kale kope ndi bolopeni. Akanalemba m'kopemo monga ankalembera maubatizo ndi maukwati zaka zonse, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ine ndinali nditaphunzira miyezi isanu, ndipo mutu unali utakula kuposa chipewa. Mpingo unali ndi laputopu yakale imene wina anapereka, yongokhala m'kabati. Ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti zolemba m'kope ndi zachikale, ine ndipanga pulogalamu yoti izisankha yokha oyenera. Akuluakulu anavomereza mokondwa. Azakhali anauza amayi amene anakhala nawo pafupi, mokweza kuti aliyense amve, kuti ameneyo ndi mwana wa achimwene anga, ndinamulera ndine.

Pulogalamuyo inali ndi mafunso atatu. Loyamba dzina ndi mudzi, lachiwiri ana angati, lachitatu zaka zingati. Wa zaka zokwana ankalowa pamndandanda wa madokotala, wosakwana ankaponyedwa m'fayilo ina imene sindinaganize n'komwe kuti ndidzaitsegula. Ikamaliza munthu mmodzi inkabwerera pa funso la dzina, kudikira wotsatira. Ndinapita nayo kwa aphunzitsi. Analemba dzina lawo, ana 2, zaka 25 monga mwa masiku onse, ndipo inawakana. Analembanso zaka 70, inawalandira. "Yagwira," anatero, n'kundigwira paphewa. Kuyesa kwake kunali komweko, kawiri, ndipo woyesayo anali munthu wodziwa kale chimene makina akufuna.

Tsiku lolemba mayina linagundana ndi mayeso athu ku Balaka. Ndinawasonyeza alembi mmene angachitire, werengani funso, lembani yankho, dinani batani ili. Iwo ankalemba ndi zala ziwiri, maso ali pa mabatani, lilime lili panja pang'ono. Akamaliza kudina m'pamene ankadzutsa mutu kuona chimene sikirini ikufunsa.

Nditabwerako Loweruka anandilandira ndi manja awiri.

"Mwana wanga, makina akowa ndi aulemu," anatero. "Amayi ena sanawafunse n'komwe zaka. Ndikangolemba za ana, ndikadzutsa mutu ndikupeza akufunsa kale dzina la wina. Ndinati ee, ngakhale makina akudziwa kuti mayi wamkulu safunsidwa zaka pagulu."

Munthu wanzeru akanakhala pansi pomwepo n'kutsegula laputopuyo. Ine ndinamwetulira, mumtima ndikuti nkhalamba yasokonezeka ndi mabatani. Ndinakopera mndandanda pa fulashi, kukasindikiza ku Balaka, kuuika mu envelopu n'kumata ndi malovu anga. Sindinauwerenge. Mapepala awiri okha, ine wodziwa kuwerenga, wa maso awiri abwinobwino, sindinauwerenge. Ndinkaona ngati kuwerenga n'kukayikira ntchito yanga.

Tsiku la galimoto azakhali anadzuka nkhuku zisanatsike. Anasamba, anadzola mafuta, anavala chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku loyera. Kamtolo kawo ndinamanga ndine, iwo akundiuza zoikamo, ndipo zambiri sizinali za kuchipatala. Munali ufa wa phala wosakaniza ndi nsinjiro, sopo wosayamba, ndi kansalu kofewa kopukutira wodwala. Anati akachoka kwa madokotala sabwerera kunyumba, adzatsikira ku Nkaya.

Pabwalo la tchalitchi panali anthu ambiri, ena otsogoleredwa ndi ndodo, ena ndi adzukulu. Galimoto inafika dzuwa litakwera. Munatsika bambo wina ndi mapepala anga aja m'manja, n'kuyamba kuitana mayina. Woitanidwa ankayankha kuti wawa, n'kukwezedwa. Ndinaima kumbuyo kwa azakhali chifuwa chili patsogolo, kudikira kuti anthu andione. Ndinazindikira mochedwa kuti okwera ambiri ndi abambo. Pepala loyamba linatha, lachiwiri linatha. Bamboyo anapinda mapepala n'kuika m'thumba la malaya.

Pansi pa mtengo panatsala amayi asanu, azakhali ali pakati pawo.

"Mwina dzina langa lili kuseri kwa pepala," anatero azakhali.

Bamboyo anali waulemu. Anatulutsanso mapepala, anatembenuza, kuseri kunali koyera. Alembi anamuchonderera, akuti amayiwa ndinawalemba ndi dzanja langa. Iye anati akumva, koma galimoto yadzaza ndi a m'matchalitchi ena, ndipo madokotala anakonzekera anthu amene ali papepala, masiku awo ndi ochepa. Sindingamunene. Anachita zimene pepala langa linamuuza.

Azakhali anafufuza dzanja langa m'mwamba mpaka analipeza. "Iwe uli ndi maso," anatero, "tawerenganso bwinobwino."

Ndinawerenga. Aka kanali koyamba kuwerenga mndandanda umenewo, galimoto italiza kale injini.

Fumbi lisanathe n'komwe ndinalowa m'kachipinda ka alembi n'kuyatsa laputopu. Ndinatsegula fayilo ija ya okanidwa. Dzina la azakhali linali pamwamba penipeni, popeza anafika oyamba tsiku lolembetsa. Ana 7. Zaka 3. Pansi pawo mayi wina wa kutsidya kwa dambo, ana 5, zaka 2. Kenako agogo ena a banja limene makolo awo anachokera ku Mozambiki, amene ankayenda chowerama ngati akufuna singano pansi, ana 6, zaka 0. Pulogalamu yanga inawaona amayi onsewa ngati makanda, ndipo inawachotsa mwakachetechete.

Ndinawafunsa alembi kuti pa azakhali analemba chiyani.

"Ndinalemba zimene ananena," anatero. "Ndinafunsa kuti ana muli nawo angati. Anati ndinabereka asanu ndi awiri, atsala atatu. Ndiye ndinalemba 7, ndinasiya kampata, ndinalemba 3. Nanga ine ndikanasiya ati, mwana wanga? Akufawo si ana?"

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene aphunzitsi sanatiuze, mwina chifukwa iwonso sankachidziwa. Lamulo lowerengera nambala limene tinaphunzira limatenga nambala imodzi, likafika pa kampata limaima. Zotsalazo silitaya, zimakhala pamzere kudikira. Funso lotsatira likabwera silidikiranso munthu, limangotola chimene chatsala n'kuchiyesa yankho lake. Zili ngati kuchigayo, pamene ufa wa amene anagayitsa patsogolo panu umatsalira m'makina n'kugwera m'thumba lanu. Ana atatu amoyo a azakhali anagwera m'funso la zaka. Agogo aja amene anaika m'manda ana awo onse asanu ndi mmodzi, makina anawapatsa zaka ziro.

Ndipo musaganize kuti ndinali mlendo pa kayankhidwe kameneka. Kwathu mayi amene anatayapo mwana sayankha funso limenelo ndi nambala imodzi. Amatchula onse amene anabereka, kenako amene atsala. Abambo amangoti anayi, asanu, n'kukhala chete, n'chifukwa chake iwo anakwera galimoto. Koma mayi, iyayi. Ine ndinakula ndikumva azakhali akuyankha choncho kwa alendo, kwa a zaumoyo, kwa aliyense wofunsa. Manda anayi a asuweni anga ndinkalambula ndine chaka chilichonse, awiri aang'ono kwambiri oti khasu limodzi lokha udzu watha. Ndinkadziwa zonsezi. Koma nditakhala patsogolo pa kompyuta ndinaiwala anthu a kwathu n'kulembera munthu wa tayi wa zaka 25. Pulogalamu yanga inasankha bwinobwino, mosaphonya, amayi okhawo amene analira maliro a ana awo, n'kuwasiya pansi pa mtengo.

Lolemba ndinapita nazo kwa aphunzitsi, ndikuganiza kuti mwina adzagwira pakamwa. Anayang'ana pasikirini, anakonza tayi.

"Apa pulogalamu ilibe vuto," anatero. "Wolakwa ndi wolembayo. Funso likufuna nambala imodzi, iye walemba ziwiri. Si ndinakuuzani za mbuli?"

Asa! Malovu anadzaza m'kamwa mwanga. Alembi athu, munthu amene analemba zoona zokhazokha zimene anauzidwa, lero ndi mbuli? Ndinafuna kuwalavulira pa nsapato zawo zopolishidwazo. Koma ndikanalavula bwanji, poti tsiku lija ndinamenya desiki ndine? Ndinameza malovuwo, ndipo anali owawa.

Amene anandithandiza ndi mtsikana wa ku Machinga uja. Anthu atatuluka anakokera mpando pafupi nane, osanditonza, ngakhale anali ndi chifukwa. Iye anali atafufuza yekha yankho la funso lake lija kalekale. Anati usamatenge nambala mwachindunji. Tenga mzere wonse umene munthu walemba, monga mawu, kuti pasatsale kanthu kodikira. Ukatero uyang'ane zimene zilimo. Ngati muli nambala imodzi, landira. Ngati muli ziwiri, kapena mawu, kapena mulibe kanthu, usaganizire, funsanso. Ndipo usanataye munthu, bweza pasikirini zimene wamva, kuti zaka 3, kodi n'zoona? Anawonjezera kuti ngati anthu ako amayankha ndi nambala ziwiri, bwanji osangowafunsa mafunso awiri, obadwa angati, amoyo angati?

Tinakonza limodzi. Inali mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo tinaimaliza ntchitoyo chimanga chootcha chimene anagula panja chisanazizire. Ndinayesa polemba 7 ndi 3, pulogalamu inandifunsanso mwaulemu. Sindinakondwe ngakhale pang'ono. Ndinayang'ana timizere timeneto n'kuona kuchepa kwake, ndipo ndinatuluka kukaima kuseri kwa sitolo, pa mulu wa matayala akutha. Madokotala anali atapita kale.

Azakhali ndinawauza ndekha. Ndikanatha kunamizira alembi, kapena galimoto, kapena boma monga timachitira tonse, ndipo akanakhulupirira. Ndinawapeza pakhonde akusola nandolo ndi zala, kamtolo kaja kali pambali pawo kosamasula. Ndinafotokoza zonse, za kampata, za nambala yotsalira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye makinawo amafuna amoyo okha?" anafunsa.

"Amafuna nambala imodzi, azakhali. Koma wolakwa ndine, sindinawapange bwino."

"Ooh," anatero. "Ukanandiuza, mwana wa achimwene. Ine ndimayesa akufunsa ana anga."

Anapitiriza kusola nandolo. Ndikanakonda akananditukwana, kapena kundiponyera lichero lonselo kumaso. Sanatero, ndipo madzulo ake anandisungira ndiwo monga mwa nthawi zonse.

Msuweni wanga anamwalira mvula itayamba. Azakhali tinawakweza pa njinga ya kabaza, ine ndikutsatira pa ina, m'matope mpaka ku Nkaya. Ufa wa phala uja unali utachita anankafumbwe, koma sopo ndi kansalu anatenga. M'nyumba ya maliro amayi a kumeneko anawatsogolera pamene panagona mtembo. Ine ndinaima pakhomo, ndipo ndinaona. Anagwada, anafufuza nkhope ya mwana wawo ndi manja onse awiri, pachipumi, m'masaya, pachibwano. Anafunsa kuti, "Kodi anaonda kwambiri?" Amayiwo anayankha kuti iyayi, sanaonde kwenikweni. Azakhali sanatsutse, koma zala zawo zinali zitaima pa fupa la tsaya, ndipo zinakhala pamenepo nthawi yaitali.

Chilimwe chotsatira tinamva kuti a maso afika pa chipatala china cha ku Machinga. Ulendo uno sindinadikire mndandanda wa munthu aliyense. Ndinawakweza minibasi ndekha, ndinakhala nawo pamzere kuyambira m'mawa. Diso limodzi linatseguka, ndisaiwale kuyamika, ndipo anakhala zaka zina zingapo akuona mbuzi zawo ndi adzukulu amene msuweni wanga anasiya. Agogo a zaka ziro aja sanafike chilimwe chimenecho.

Koma chimene ndimakumbukira pa ulendowo si tsiku lomasula bandeji. Ndi pa tebulo lolembetsera, tisanalowe. Panali mayi wachitsikana wa chipatala, wopanda kompyuta, ali ndi fomu ndi bolopeni basi. Anafunsa dzina, azakhali anayankha. Anafunsa mudzi, anayankha. Kenako anati, "Ana muli nawo angati, agogo?"

Ndinaona pakamwa pa azakhali pakutseguka monga mwa kale, mpweya utakokedwa wokwanira yankho lalitali. Anatsekanso.

"Awiri," anatero.

Mayi uja anali wa konkuno, ankadziwa mmene amayi amayankhira. Anaimika bolopeni m'mwamba, kudikira mbali yotsalayo.

"Awiri basi, agogo?"

"Awiri."

Bolopeni inalemba. Azakhali anatembenuzira nkhope kumene ankaganiza kuti ndaima, anaphonya pang'ono, anafufuza mkono wanga n'kuugwira. Anatsitsa mawu kuti mayi uja asamve.

"Ndayankha bwino, eti?"